Lachisanu Lililonse Chiwala Ali Pamsewu

6 Meyi

Chiwala mwana wanga,

Landira moni, ngakhale sukuyenera moni. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo ikumatupa madzulo chifukwa choponda makina.

Lachisanu ndinali pakati popinda siketi ya mwana wasukulu, Ometa a khomo loyandikana n'kulowa osagogoda, lumo lili m'manja, amvekere, "Mayi Telala, yatsani kanema, mwana wanu ali m'katimo!" Ndinayatsa. Ndiwe uyo, timiyendo tako tomwe tija, chikwama kumsana, ukutsanzikana ndi dziko lonse. Dziko lonse walitsanzika, mayi ako ayi. Anakubereka ndi kanema kapena ine?

Ometa ndiwo andifotokozera, poti makutu angawa ukuwadziwa. Akuti pulogalamuyo dzina lake ndi Ukaseka Unditenge. Akuti udutsa mayiko angapo pamsewu mpaka ukaone nyanja yamchere, wopanda galimoto, wopanda ya basi. Uziimitsa galimoto iliyonse, dalaivala akaseka nthabwala zako akutenge, akapanda kuseka uyende wapansi. Ndinafunsa kawiri, ndimayesa makutu andinamizanso. Mwana wanga, pansi pano pali anthu amene sanasekepo chibadwire. Malemu bambo ako anali mmodzi wa iwo, ndipo nawonso ankayendetsa lole.

Foni yako siikupezeka, ndipo ikanapezeka ndikanangomva phokoso. Kalatayi ndapatsa kondakitala wa basi ya m'mawa kuti akapatse mlongo wako Nesi kuchipatala, iye akaisiye ku ofesi ya akanema kumeneko kutauni. Undiyankhe bwinobwino. Ukudya? Ukugona pati? Nanga malaya abuluu aja, batani lachiwiri lapita kuti? Anthu onse ankaseka, ine ndimangoona pamalo pa batanipo.

Ndine,
Mayi ako


Pamsewu, tsiku musandifunse

Amayi anga okondedwa,

Kalatayi ndikulemba nditagwada, ndiye musadabwe ndi zilembo zopindika. Pepani kuti ndanyamuka osatsanzika. Abwana a pulogalamu anatiletsa kuuza munthu aliyense, ndipo mafoni anatilanda tonse, ndi wojambula yemwe. Ndinawauza kuti mayi anga sauza munthu, amangouza makasitomala. Sanaseke. Ndinadziwira pomwepo kuti ulendowu ukhala wovuta.

Woyamba kunditenga ndi dalaivala wa lole ya nkhuku. Ndinamuonetsa mmene mumayezera kasitomala wonenepa, mapini ali kukamwa, mukumuuza kuti nsaluyo ndiyo yafupika. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundikweza kumbuyo pamodzi ndi nkhukuzo. Amayi, nkhuku sizikonda nthabwala. Ndatsika ndili ndi nthenga mpaka m'makutu.

Wachiwiri amanyamula mabokosi a maliro, opanda anthu m'kati, musayambe kupemphera. Anandiuza kuti iye pa ntchito saseka. Ndinamuyesa izi ndi izo, nkhope ili gwa, koma mapewa akugwedezeka. Wojambula anagamula kuti mapewa nawonso ndi kuseka. Ndinakhala pamwamba pa bokosi ulendo wonse, ndipo kunena zoona ndi mpando wabwino kuposa wa basi ya kwathu.

Kutsogoloku akuti chilankhulo chathu chitha, ndiye ndiziseketsa anthu ndi nkhope yokha. Musade nkhawa, nkhopeyi munandipatsa yokwanira.

Ndikudya, kusamba ndi mwa apo ndi apo. Ndikatsinzina ndimakuonani mwaweramira makina, magalasi ali pamphuno, ndiye ndimakusowani kwambiri. Moni kwa Ometa, muwauze kuti tsitsi ndikuwasungira.

Mwana wanu wosamva,
Chiwala


27 Meyi

Nesi mwana wanga,

Uli bwanji ndi odwala ako? Ine ndilipo, koma tulo ndilibe.

Ndikulembera za mlongo wako. Lachisanu lililonse shopu yanga ikumadzaza ngati basi. Anthu akumabwera ndi mipando yawo, ena akumakhalira nsalu za makasitomala. Iwo akuseka, ine mtima uli m'mwamba. Lachisanu lapitali unaona? Anafika kwa anthu osamva chilankhulo chathu, anavina pakati pa msewu, magalimoto akungomudutsa. Dzuwa linalowa ali pomwepo, pulogalamu n'kutha. Ndikanagona bwanji pabedi, mwana wanga ali pamsewu?

Ometa akuti, "Mayi Telala, mtima pansi, zimenezi anajambula kalekale." Ndinawafunsa kuti mpira umene amaukuwira mpaka kucheka makutu a makasitomala, nawonso anajambula kale? Nanga pa kanemapo salemba kuti "Lero Chiwala ali pati?" Lero ndi lero. Komanso taona izi. Zomwe taonera Lachisanu, Lolemba kalata yake imafika kudzanena zomwezo. Tinaona nkhuku, kalata ya nkhuku inafika. Tinamuona atagona pansi pa mlatho, kalata ya mlatho inafika. Ndinawayalira Ometa makalatawo patebulo, anangodzikanda m'mutu.

Wayamba kuonda. Lamba waboola bowo lina, usanditsutse, ine ndimayeza anthu ndi maso. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti sayankha zomwe ndimamufunsa. Za batani ndafunsa mpaka kutopa, iye zii. Kodi makalata anga ukumakasiyadi, kapena akuthera m'thumba la yunifolomu?

Unditumizireko singano za makina, zakuno zikuthyoka ngati udzu.

Mayi ako


30 Meyi

Amayi,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka. Singano ndapatsa kondakitala.

Ometa akunena zoona. Mapulogalamu oterewa amayamba ajambula, kenako amadula, n'kuikamo nyimbo, ndiye n'kumationetsa pang'onopang'ono. Amasiyira dala pamalo oopsa kuti Lachisanu linalo tidzayatsenso. Kuseri kwa kamera kuli anthu, kuli galimoto, kuli madzi. Chiwala sali yekha. Za makalata ofika Lolembawo nanenso sindikuzimvetsa, koma anu ndimakasiyadi, mpaka mlonda wa pageti wayamba kundipatsa moni wa pachibale.

Amene ndikudandaula nawo ine ndinu. Kondakitala wanditsina khutu kuti anakupezani mutamanga mpango m'mutu chifukwa cha litsipa. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi mukumwa? Musandinamize, ndidzaona botolo. Lachisanu muzimwa kaye musanayatse kanema.

Mwana wanuyo ndi uja anagwa pakhonde la sukulu akutsanzira kayendedwe ka ahedi, n'kudzuka mano ali magazi okhaokha kumafunsa ngati anthu aseka. Msewu sungamuthe.

Mwana wanu,
Nesi


11 Juni

Achemwali,

Khalani pansi kaye, ndipo mukatha kuwerenga kalatayi muimeze ngati piritsi. Wakupatsaniyu ndi mlonda uja mumamudziwa, munthu wabwino, amaseka ndisanayambe n'komwe kulankhula.

Ndili m'tauni momwemuno. Ndinabwera sabata yatha. Ulendo tinauyamba mu Malichi, zomwe mukuonerazo ndi zakale. Anditsekera m'chipinda chapamwamba ku nyumba yogona alendo, kuseri kwa ofesi ya akanema. Pawindo ndimaona thanki ya madzi ndi khwangwala mmodzi, ameneyo ndiye ndikumuyesera nthabwala zatsopano. Ndinasaina kuti munthu asandione mpaka gawo lomaliza litaonetsedwa pa 5 Julayi, chifukwa pali mpikisano woti oonera alosere ngati ndinafika kunyanja kapena ayi. Ndikangooneka ntchito yatha, ndipo ulendo wachiwiri umene andilonjeza apatsa wina. Achemwali, zaka zonse zija ndakhala ndikuseketsa anthu oledzera m'malo omwera mowa, ena kumandigenda ndi mabotolo. Iyi ndi ntchito yanga yoyamba yokhala ndi geti ndi mlonda.

Makalata a Amayi ndawapeza onse m'katoni, osatsegula. Nditafika pa batani lija ndinalira ngati mwana. Anga aja abwana amawasunga m'kabati, amatulutsa imodzi imodzi gawo lake likaonetsedwa, kuti nkhani isatsogole. N'chifukwa chake anatiletsa kulembapo tsiku. Ndiye mwaona, takhala tikuwanamiza Amayi mwaluso popanda wina kufuna. Ndikanawalembera zoona, koma mukudziwa, nkhani siigona m'shopu muja.

Chachikulu ndi ichi. Gawo la pa 21 Juni asaonere. Tinafika kudziko louma, magalimoto ndi apo ndi apo, ndipo tsiku limenelo palibe anaseka. Ndinakomoka pamsewu. Anandithamangitsira kuchipatala, anandiika madiripi, ndinachira, taonani ndikulemba. Koma abwana gawo limeneli akulikonda kuposa ana awo, aikamo nyimbo yachisoni yoti ine ndemwe nditaonera ndinadzimvera chisoni. Chitani chilichonse. Uzani Ometa azule waya.

Palinso kalata ina imene ndinalemba ndili pabedi kumeneko, mutu usakugwira. Ndapempha abwana andibwezere, akuti ayang'ana.

Mlongo wanu wa m'ndende yokhala ndi sopo,
Chiwala


22 Juni

Nesi,

Moni ndilibe lero, undikhululukire.

Ndikudziwa kuti ndiwe unatuma Ometa kudzazula waya n'kumati kanema wawonongeka. Munthu wake sadziwa kunama, ndevu zimanjenjemera. Ndinavala nsapato n'kukaonera kodikirira basi, nditaimirira pakati pa anthu osawadziwa.

Ndamuona mwana wanga akugwa. Dziko lopanda mtengo ngakhale umodzi, msewu woongoka, milomo yake itang'ambika. Inabwera lole, iye anayesa kuyenda monga ndimayendera ine ndikapsa mtima, dalaivala anangomuyang'ana n'kupita. Anayenda pang'ono, anatembenukira kamera ngati akufuna kunena kanthu, mawondo n'kupinda. Anthu pamalopo anaseka, amayesa ndi sewero. Ine kugwa kwake kwa sewero ndimakudziwa, amateteza chigongono. Dzulo sanateteze chilichonse. Kenako nyimbo, kenako otsatsa sopo.

Usandiuzenso za kujambula kale. Inu anamwino munaphunzira kuuza munthu kuti wodwala wake akupezako bwino pamene katani mwatseka kale. Anandichita zomwezo tsiku la bambo ako.

Ndaganiza, ndipo sindikupempha maganizo. Telala wa kumsika uja wakhala akuwasirira makina angawa kuyambira kale. Tagwirizana, abwera Lachinayi kudzawatenga. Lachisanu m'mawa ndikwera basi. Njira ndaiona yonse pa kanema, ndipo pakamwa pofunsira ndili napo. Iye madalaivala amawaseketsa, ine ndikawalirira, tione ngati sanditenga.

Makinawa ndiwo anakuphunzitsani nonse awiri, ndikudziwa. Ndawapukuta, ndawathira mafuta, ndalira. Koma makina sanditchula kuti amayi.

Mayi ako


25 Juni

Iwe Chiwala,

Kalata ya Amayi ndaiphatikiza ndi iyi, uwerenge wekha.

Chinsinsi chako ndinaulula, ndipo sindipepesa. Lamlungu ndinawalembera poyera kuti uli m'tauni muno, wanenepa, ukudya zaulere ku nyumba yogona alendo. Ukudziwa chimene chachitika? Lolemba abwana ako atulutsa kalata yako ya kuchipatala ija, monga mwa nthawi zonse. Kondakitala akuti Amayi anamuwerengera atagwira chitseko cha basi. Akuti unalemba kuti ukafa malaya ako apatse Ometa, ndiponso kuti Amayi akukhululukire chifukwa sunakhale kalaliki. Yakoyo ili ndi sitampa yakunja ndi zilembo zonjenjemera. Yanga ili pa pepala la kuchipatala. Ukuganiza kuti akhulupirira iti?

Yangayo andibwezera, kuseri atalembako kuti, "Ngati ali kumeneko, abwere ndimutsine."

Tchuthi andikaniza, tatsala ochepa mu wodi. Ngakhale nditapita, ndingawamange ndi chiyani? Magazi akuthamanga, sakudya, miyendo yatupa. Ulendo wotero sangaupirire, apa ndikulankhula ngati namwino, osati ngati mlongo wako. Ndipo makinawo akapita, sadzabweranso.

Ndikudziwa kuti ntchitoyi waivutikira. Ndine ndinasoka bala la botolo pachipumi pakopo, sindinaiwale. Sindikuuza chochita. Koma Lachinayi ndi mkuja.

Mlongo wako


26 Juni

Achemwali,

Ndawerenga makalata onse awiri, n'kutsika nawo kwa abwana. Ndinapempha tsiku limodzi lokha, andipititse pa galimoto ya magalasi akuda, ndikalowere khomo lakuseri. Akuti, "Mayi ako ndi telala, ukalowa m'mawa, masana dziko lonse lamva." Pamenepo sananame.

Ndiye ndinawawerengera kalata ya Amayi, mpaka paja akunena zolirira madalaivala. Achemwali, miyezi yonseyi ndayesa kuwaseketsa abwanawa, osatheka. Lero aseka, mpaka kumenya tebulo. Akuti, "Mayi wokalamba kukasaka mwana wake pa basi! Asiye anyamuke, tiwatumizire kamera!"

Ndinaima pamenepo ndikuwayang'ana mano. Lamulo la pulogalamu limati amene waseka ndiye anditenge. Awa aseka, koma galimoto yawo sindikwera.

Mlonda wandibwereka jekete lake lachipewa kuti anthu asandizindikire m'basi. Mawa m'mamawa ndinyamuka. Mantha ndili nawo, sindikubisirani, za mabotolo zija sindikuzifunanso. Koma ndikaganiza za Amayi ataima pamsewu uja ndi kachikwama kawo, mabotolo ndikuwaona ochepa.

Mumuonere mlondayo mankhwala a msana, amadandaula.

Chiwala


30 Juni

Nesi mwana wanga,

Landira moni wochuluka, wa sabata yatha ndi wa lero pamodzi. Ndadya, mapiritsi ako ndamwa, miyendo yaphwa. Unanena zoona, koma usazolowere.

Lachinayi masana telala wa kumsika anabwera ndi wilibala. Makina tinawatulutsa, iye akumanga zingwe, ine ndaima pakhomo ndikuyang'ana kumbali kuti ndisaone. Ndiye ndinaona munthu akuchokera kotsikira basi, dzuwa likuswa mtengo, iye ali m'jekete lalikulu la alonda, chipewa mpaka m'maso, akuyenda mozemba m'mbali mwa mipanda. Msewu wonse unasiya ntchito n'kumamuyang'ana. Chibadwire sindinaonepo munthu wobisala woonekera chotero. Ometa anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, n'kukuwa kuti, "Chiwala uyo!"

Anafika n'kugwada pafumbi, amvekere, "Amayi, ndabwera munditsine." Ndinamutsina. Ndinamutsina pamkono, patsaya, pakhutu, iye akukuwa, ine ndikulira osaleka, chifukwa mnofu unali wake. Kenako ndinamukwapula ndi tepi yoyezera. Anthu mafoni m'mwamba, kujambula. Telala wa kumsika anamasula zingwe zake yekha, n'kutithandiza kulowetsa makina.

Dzuwa lisanalowe zithunzizo zinali zitafika kwa abwana ake. Anaimba pa foni ya Ometa. Mawu sindinamve, koma nkhope ya Chiwala ndinaiona. Ntchito yatha, ulendo wachiwiri kulibe. Anatembenuka n'kutitsanzirira mmene abwanawo amakalipira, anthu n'kufa nazo kuseka. Ine sindinapusitsike. Atabalalika onse ndinamupeza wakhala pa makina, akungoponda, ulusi mulibe. Zandiwawa, Nesi. Mwana wataya ntchito yake chifukwa cha kuuma mutu kwa mayi ake. Ndinamuuza choncho. Akuti, "Amayi, ndaseketsa wonyamula mabokosi a maliro, ndilephere kupeza pena?" Mwina apeza. Uzimufunsirako kumeneko, odwala ako ena ali ndi maofesi.

Lachisanu anthu anadzaza mpaka pawindo. Chiwala anakhala pambali panga. Pulogalamu inayamba, uyo ali pabedi la kuchipatala, diripi pamkono, maso atalowa m'kati, akuyesa kuseketsa namwino wosamva chilankhulo chathu. Misozi inayambiranso. Uyu wa pambaliyu akuti, "Amayi, ndili pano." Ndinati khala chete, ndikuona mwana wanga. Dzanja lake ndinaligwira mpaka mapeto, akuti zala zinachita dzanzi.

Anasiyira pamene watuluka m'chipatala, waimanso pamsewu, nyanja ikadali kutali, lole ikubwera. Lachisanu likubwerali ndi gawo lomaliza. Kuyambira dzulo akunditsatira paliponse, kukhitchini, kumpopi, akuti, "Amayi, poti ntchito yatha kale, ndikuuzeni ngati ndinafika." Ndamuuza kuti akangotsegula pakamwa, akagona kwa Ometa. Ndamuperekeza mayiko onsewo mtima uli m'mwamba, ndiye pomaliza andilande nyanja yanga? Ndidzaona ndekha ngati mwana wanga anafika.

Mayi ako